Khomo Lachisanu ndi Chiwiri

Ku ofesi ankamutcha Kangaude, ndipo dzinalo ankalikonda kuposa limene makolo ake anamupatsa. Ofesiyo inali zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo yogulitsa matayala, moti fungo la labala linkakwera masitepe limodzi ndi anthu. Munali matebulo anayi, fani imodzi yopukusa mutu tsiku lonse ngati ikukana mlandu, ndi bolodi loyera pamene a Bwana ankalembapo chiwerengero cha anthu amene akodwa sabata imeneyo.

Ntchito yawo inali yovuta kuifotokozera achibale koma yosavuta kuigwira. Kwinakwake kutali kunali kampani yotumiza mauthenga a zaumoyo pafoni: tsiku lililonse uthenga umodzi, wokuuza kuti umwe madzi, uchepetse mchere, uyendeko pang'ono. Kampaniyo sinkasaka yokha makasitomala. Inkasiyira anthu ngati a Bwana ndi Kangaude, amene ankamwaza malinki pa intaneti. Munthu akadina linki yawo n'kulembetsa, ndalama zinkayamba kudulidwa ku akaunti ya pafoni pake mwezi ndi mwezi, ndipo pa mwezi uliwonse umene munthuyo wakhala osatuluka, a pamwamba pa matayala ankalandira gawo lawo. Luso lake linali pawiri basi: kumulowetsa munthu, ndi kuonetsetsa kuti khomo lotulukira asalipeze msanga.

Tsamba lolowera Kangaude analilemba ndi zilembo zikuluzikulu: SABATA YOYAMBA NDI YAULERE. Mawu onena kuti pambuyo pake azidula mwezi uliwonse analipo ndithu, palibe akanati kulibe. Anali pansi penipeni, otuwa pa malo otuwa, ngati nyerere zofera pasimenti. Kabokosi kovomerezera kankabwera kochongeratu, kuopa kutopetsa chala cha kasitomala.

Koma chimene ankanyadira kwambiri chinali tsamba lotulukira. Kuyambira ali mwana ankakonda timasewera ta njira zosokoneza tija, tolowetsa pensulo apa n'kuzungulira mpaka ukatulukire uko. Atakula, ali ndi digiri m'manja, anamanga kake. Wofuna kusiya mauthengawo ankayenera kudutsa makomo asanu ndi awiri. Khomo loyamba linkafunsa ngati akutsimikizadi. Lachiwiri linkamuonetsa chithunzi cha namwino wa nkhope yodandaula. Pa lachitatu mabatani ankasinthana malo, ndipo chala chozolowera kumanja chinkadina "ndikhala". Lachinayi linkatsitsa mtengo. Lachisanu linkafuna tsiku lenileni limene munthuyo analembetsa, mwezi ndi chaka chomwe, ndipo apa ndi pamene ambiri ankagwera, chifukwa ndani amakumbukira tsiku limene anapunthwa? Lachisanu ndi chimodzi linkati, "Tiuzeni chifukwa," ndipo chilichonse chimene walemba, yankho linali limodzi: "Pepani kumva zimenezo! Landirani sabata ina yaulere." Wolimba mtima wodutsa pamenepo ankafika pa khomo lomaliza, limene linkatumiza nambala yachinsinsi ku imelo imene anapereka polembetsa. Anthu ambiri polembetsa ankangolemba imelo yabodza kuti zithe. Kangaude zimenezi ankazidziwa. Ndicho chifukwa chake khomolo analiika kumapeto.

"Khomo lilipo," ankatero akamamwa tiyi ndi anzake. "Palibe amene tamutsekera. Tangoika mipando panjira."

Lolemba lina m'mawa kunabwera kalata yochokera ku bungwe loona za ufulu wa ogula. Anaiwerenga mokweza ndi loya wa ofesiyo, mayi wa magalasi amene ankabwera kawiri pa mwezi, yemwe onse ankamutcha a Sizitheka chifukwa ndiwo anali mawu awo oyamba pa nkhani iliyonse. Bungwelo linati lalandira madandaulo. Linasankha mwachisawawa manambala makumi atatu pa mndandanda wa makasitomala awo, ndipo pa nambala iliyonse linkafuna umboni wa zinthu zitatu: kuti mwini wake anauona mtengo, kuti anavomereza yekha, ndi kuti atafuna kutuluka njira inali yoyera. Pamwamba pa izo, amene anapanga masambawo anayenera kusaina chikalata cha lumbiro pofika Lachisanu.

"Amene anapanga masamba," anabwereza a Sizitheka, akuyang'ana Kangaude pamwamba pa magalasi. "Osati amene anagula fani."

A Bwana anaseka. Anali munthu wa mimba yabwino ndi mafoni atatu, wosadziwa kukhala pampando osaugwedeza. "Mayi, musamuopseze mnyamata. Anthu makumi atatu ndi chiyani? Tiwaimbira, tiwapatsa mayunitsi pang'ono, asaina kafomu koti anavomereza ndi mtima wonse. Munthu wolandira mphatso sakumbukira zakale."

"Nanga buku la mapazi?" anafunsa a Sizitheka.

Buku la mapazi linali dzina limene Kangaude anapatsa fayilo yosunga zonse zimene munthu wachita pa tsamba lotulukira: walowa liti, wafika khomo liti, walemba chiyani. Ankaligwiritsa ntchito poona pamene mpanda wafooka.

"Makompyuta amadwala," anatero a Bwana. "Mafayilo amasowa. Si choncho, Kangaude?"

"Ine sindinamve zimenezo," anatero a Sizitheka akutola chikwama. Ali pakhomo anatembenuka. "Achimwene, ndikuuzeni ngati mlongo wanu. Mukanena zoona, ntchito yatha, kampani yakutali ija ikutayani ngati chikho chosweka, ndipo chindapusa chikupezani chifukwa mgwirizano umati masamba ndi anu. Mukasaina bodza n'kugwidwa, ndi ndende. Mukasaina bodza osagwidwa, mudzandigulire fanta. Sankhanipo."

Kangaude anatenga mndandandawo n'kukhala patebulo pake. Anayamba kuyang'ana manambala mmodzimmodzi ngati mmene munthu amayang'anira mazira pamsika. Atafika pa nambala yachikhumi ndi chisanu ndi chinayi, chala chinaima chokha. Nambalayo sanafunikire kuiwerenga mpaka kumapeto. Inali nambala yoyamba imene anailoweza pamtima m'moyo wake, imene ankaimba ali ku sukulu yogonera komweko sopo akatha. Inali ya bambo ake. Ndipo bambo ake anali atagona m'manda chaka chathunthu ndi miyezi iwiri.

Anakumbukira pang'onopang'ono, ngati mmene dzanzi limachokera m'mwendo. Lamulo la kampani yakutali linali lakuti wotsatsa asalembetse nambala yake, kuopa kuti angamadzilipire yekha. Ndiye mu ofesimo munali chizolowezi: tsamba latsopano unkaliyesa ndi foni ya m'bale, ukaona kuti likugwira, mawa lake unkamuchotsa m'baleyo chakumbuyo. Zaka zitatu zapitazo, Loweruka lina masana, Kangaude anapita kwa makolo ake, nabwereka foni ya bambo ake "kwa mphindi ziwiri", nalembetsa. Pa malo a imelo analemba zilembo zilizonse zimene zala zinagwa, poti bambowo imelo analibe. Lolemba lake tsambalo linakola anthu mazana awiri tsiku limodzi, a Bwana anagula nkhuku yowotcha, ndipo za m'bale uja palibe anazikumbukira.

Anatsegula buku la mapazi, nalemba nambalayo.

Mizere inatuluka yambiri kuposa mmene ankayembekezera. Bambo ake anali telala, munthu wa zala zokhuthala zozolowera lumo, wa maso amene m'zaka zomaliza ankalowetsa ulusi m'singano mongoyerekeza. Munthu ameneyo anali atayesa kutuluka kakhumi ndi kamodzi. Ulendo woyamba anagwera pa khomo lachitatu. Wachiwiri chimodzimodzi. Kenako anaphunzira, monga mmene mbewa imaphunzirira msampha, nayamba kufika pa bokosi lofunsa chifukwa.

"Sindinapemphe zimenezi," analemba ulendo wina.

Pepani kumva zimenezo! Landirani sabata ina yaulere.

"Chonde lekani. Ndine munthu wamkulu."

Pepani kumva zimenezo!

"Mwana wanga amadziwa za makompyuta koma ndi wotanganidwa."

Kangaude anachotsa manja pa kompyuta n'kuwaika pa maondo. Fani inamuyang'ana, inapukusa mutu, inayang'ana kwina. Pansi wina ankagubuduza tayala, ndipo mkokomo wake unkamveka m'miyendo ya tebulo.

Anatsitsa tsambalo kuti aone mzere womaliza. Mizereyo sinathere pa mwezi wa maliro. Patatha masabata atatu chiikireni bambo ake, pa tsiku lachitatu la mwezi, nthawi ya chakudya cha masana, nambalayo inalowanso pa khomo loyamba. Inadutsa namwino. Inadutsa mabatani osinthana. Inafika pa bokosi, inalemba kuti mwini foni anamwalira, inalandira sabata yaulere, kenako inalembanso:

"Ndatopa. Ndisiyeni ndipume."

Mwezi wotsatira: "Ndine yemwe uja. Ndakupemphani kale."

Mwezi wina: "Kodi kumeneko kulibe munthu?"

Mwezi uliwonse, tsiku lachitatu, mpaka sabata yathayi. Ndipo ulendo uliwonse mapaziwo ankafika pa khomo lachisanu ndi chiwiri, n'kuima pamenepo mphindi zisanu zathunthu, kudikira nambala yachinsinsi imene inkapita ku imelo yosakhalako.

Kangaude anali munthu wasukulu. Ankadziwa kuti akufa sadina mabatani, ndipo nzeru zitabwerera m'malo mwake anazindikira kuti foniyo idakali m'nyumba mwa amayi ake. Komabe tsiku lonselo, akamva masitepe akulira, ankatembenuka kuyembekezera munthu wa tepi yoyezera pakhosi.

A Bwana atamva anaomba m'manja. "Bambo ako? Ndiye Mulungu watikonda! Makumi awiri ndi asanu ndi anayi ndiwo ovuta, uyu ndi wathu. Pita kwa amayi, asaine m'malo mwa malemu, uike tsiku lakale. Mayi sangaponye mwana wake m'moto."

"Bwana, munthuyo anayesa kutuluka kakhumi ndi kamodzi."

"Ndiye wolimbikira ngati mwana wake. Mphwanga, imfa ndi ya tonse, koma Lachisanu ndi lako. Tenga fomu."

Lachitatu masana Kangaude anakwera basi, fomu ili m'thumba la jekete. Fayilo ya mapazi anali asanaifufute. Anaikopera pa fulashi, kachitsulo kosungira mafayilo, poganiza kuti aifufuta madzulo, ndipo fulashiyo inali m'thumba lina, kotero ankayenda ngati sikelo, mbali iyi pepala, mbali iyi kachitsulo.

Amayi ake anawapeza akusita pabalaza. Anali mayi wamfupi, wopuma pa ntchito ya uphunzitsi, wa mawu amene ankakhazika chete kalasi ya ana makumi asanu ndi atatu popanda ndodo.

"Ee! Alendo a pakati pa sabata. Akuchotsa ntchito, kapena wapeza mkazi?"

"Ndangokusowani, Amayi."

"Bodza limakuonekera pamphuno ngati bambo ako. Khala pansi."

Pakona pa zenera panali makina osokera, ovundikiridwa ndi nsalu ya maluwa. Tepi yoyezera inali yokolekedwa pa msomali womwe uja. Pamwamba pa nsaluyo panali kachidutswa ka choko, buku la miyezo lachikuto chakuda, ndi foni yakale ya galasi long'aluka pakona, yolumikizidwa ku magetsi ngati wodwala wa diripi.

"Mudakaisungabe," anatero Kangaude.

"Nanga ndiitaye? Makasitomala ake ena sanamvebe, amaimba kufunsa masuti. Azakhali ako akamatumiza kangachepe amatumiza pomwepo, nambala ina saidziwa. Ndi pamene akuba aja amadulapo."

"Akuba ati?"

Amayi asanayankhe, foniyo inanjenjemera pa makinawo, chitsulo chinalira ngati mano a munthu wozizidwa. Wotchi ya pakhoma inali pa thu koloko. Amayi anaimika simbi, anatenga foniyo, naitalikitsa ndi maso.

"Tamvera za lero. 'Mwakhala malo amodzi nthawi yaitali. Dzukani, tambasulani miyendo.'" Anaibweza pansalu paja. "Tsiku lina bambo ako adzawamvera, ndipo tonse tidzathawira pazenera."

Kangaude anayang'ana wotchi ija. Uthengawo sanaulembe iye, koma nthawi ya thu koloko anaisankha ndi iye, atawerenga kuti anthu akakhuta sakwiya msanga.

"Dzulo anawauza kuti apewe kugona kwambiri," anapitiriza amayi. "Ine mwezi uliwonse akadula ndimakhala pampando uwo, ndimavala magalasi awo, ndimayamba ulendo. Ndimafika mpaka kumapeto, amati atumiza nambala. Ndimadikira. Mwina amatumiza pa njinga."

"Bwanji mumalemba ngati ndinu iwowo?" Funsolo linatuluka lisanapemphe chilolezo.

Amayi sanafunse kuti wadziwa bwanji zimene amalemba.

"Poyamba ndinalemba kuti mwini foni anamwalira. Anandipepesa n'kundipatsa sabata yaulere. Ndiye ndinati kapena amafuna mwini wake alankhule yekha."

Anatenganso simbi, nayamba kusita kolala ya bulauzi, pang'onopang'ono, kuchokera kunsonga kupita pakati.

"Bambo ako ankachitama chinthu chimenechi, ukudziwa? Ankati amene anachisoka ndi mmisiri. Ankati msoko wabwino ndi umene suoneka kunja, ndipo uyu wabisa ulusi wonse. Amakhala pamenepo, magalasi pamphuno, chala chikunjenjemera, n'kumati, 'Wandipezanso mnyamatayu.'"

Kangaude anayang'ana foniyo, ndipo mutu wake, umene sunkatha kuona mfundo osafuna kuimasula, unagwira pa chinthu chimodzi chimene chinkamuvuta chiyambire Lolemba. Khomo lachisanu. Pa anthu zana, amene ankadutsa pamenepo sankakwana asanu, chifukwa palibe ankadziwa tsiku limene analembetsa. Uthenga woyamba unkafika patapita masiku, dala, kuti tsikulo lisadziwike. Koma bambo ake, amene sanalembetse n'komwe, anali atalipeza tsikulo, ndipo kuyambira pamenepo ankadutsa khomo limenelo osaphonya.

"Amayi, pamene pamafunsa tsiku paja, mumalembapo chiyani?"

Amayi analoza ndi chibwano buku lakuda lija. "Tsegula pamene pali kansalu."

Linali buku limene bambo ake ankalembamo miyezo ya anthu: chifuwa, chiuno, mkono, mwendo. Munalinso tina n'tina ta tsikulo, poti anali munthu wolemba chilichonse: mvula yagwa, singano yathyoka, magetsi azima. Pa tsamba la kansaluko, pakati pa thalauza la mphunzitsi wina ndi diresi la ukwati, panali mzere umodzi wa zilembo zopendekera zija. Tsiku, mwezi, chaka. Kutsogolo kwake: Mwana wabwereka foni. Mzerewo unali utadetsedwa ndi chala, chizindikiro choti pankabwereredwa kawirikawiri.

Kangaude anaika chala chake pa mzerewo.

"Ankadziwa," anatero Kangaude.

"Anayesa masiku ambiri, onse anakana. Atayesa limenelo, chitseko chinatseguka. Anakhala chete madzulo onse. Kenako anati, 'Usamuuze. Ndi ntchito yake, akudyera pomwepo. Ndituluka ndekha.'"

"Ndipo inu?"

"Ine ndinaphunzitsa ana kuwerenga zaka makumi atatu, mwanawe. Ukuganiza kuti mzere umodzi ungandikanike?" Anapinda bulauzi ija. "Tulutsa chimene wabwera nacho. Chiyambire kukhala pansi ukungosisita thumba ngati muli njoka."

Anatulutsa fomu ija, nafotokoza zonse: kalata, manambala makumi atatu, lumbiro, Lachisanu. Sanabise za chindapusa kapena za ndende. Amayi anavala magalasi a malemu, amene ankawatsetsereka pamphuno, nawerenga fomuyo kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndi tizilembo tating'ono tomwe, milomo ikuyenda. Inali kunena kuti mwini nambala anawerenga mtengo, anavomereza mwa kufuna kwake, ndipo sanavutikepo ndi kutuluka.

"Ndikasaina apa, sakumanga?"

"Mwina ayi."

"Bweretsa cholembera. Siginecha ya bambo ako ndimaitha kuposa iwo eni, ndinkawasainira ku banki dzanja litayamba kunjenjemera." Anakankhira zovala pambali, nayala pepalalo pa thabwa lositira. "Ndakwirira mwamuna, sindikufuna kumakaona mwana pa waya. Enawo makumi awiri ndi asanu ndi anayi ali ndi ana awo, awathandize."

Kangaude anapereka cholembera. Anaona nsonga yake ikutsika, ikukhudza pepala, ikuyamba chilembo choyamba chopendekera ndendende ngati cha m'buku lakuda lija. Zinali ngati dzanja la bambo ake latuluka m'manja mwa bulauzi ya amayi kudzamusainira, monga linkasainira malipoti ake a sukulu, kuvomereza kuti zonse zili bwino.

Anagwira pepalalo n'kulikoka. Cholembera chinasiya mzere wautali wopita m'mphepete.

"Dikirani kaye, Amayi. Ndiyambe ndawatulutsa bambo."

Anakhala pa mpando wa makina osokera, umene unali wotsika, wopindika potsatira msana wa munthu wina. Anatenga foniyo. Akanatha kudikira mawa kuti akachotse nambalayo chakumbuyo ku ofesi, ntchito ya mphindi imodzi, koma china chake chinamuuza kuti adzere kumaso. Khomo loyamba. Namwino uja anamuyang'ana modandaula kudzera m'galasi long'aluka. Pa khomo lachitatu, iye mwini, amene anasinthanitsa mabataniwo ndi manja ake, anadina "ndikhala", ndipo foni inamuthokoza chifukwa chosankha moyo wathanzi.

"Pamenepo pamafuna kudekha," anatero amayi ali kumbuyo kwake. "Yambiranso."

Anayambiranso. Tsiku analikopera m'buku. Pa bokosi la chifukwa anaima nthawi yaitali, kenako analemba kuti, "Ndine mwana wake." Bokosilo linamupepesa, linamupatsa sabata yaulere. Anafika pa khomo lachisanu ndi chiwiri. Tatumiza nambala yachinsinsi ku imelo yanu. Kawotchi kanayamba kuwerenga chobwerera kuchokera pa mphindi zisanu. Anayesa kukumbukira zilembo zimene zala zake zinagwira Loweruka lija, ndipo m'mutu munalibe kanthu. Anangokhala, foni m'manja, pampando womwewo, pa zenera lomwelo, kuyang'ana manambala akutha, ndipo anadziwa kuti umu ndi mmene bambo ake ankakhalira, kudikira mwana wawo kuti atsegule.

Kawotchiko katafika pa ziro, tsamba linabwerera pa khomo loyamba. Kodi mukutsimikizadi?

Anapinda fomu ija kanayi n'kuiika pansi pa simbi.

"Ndibwerekeni foniyi, Amayi."

"Kwa mphindi ziwiri?" anatero amayi, osamwetulira.

Lachisanu m'mawa sanapite pamwamba pa matayala. Mafoni atatu a a Bwana anamuimbira mosinthana mpaka anazimitsa yake. Ofesi ya bungwe lija inali pa nsanjika yachitatu ya nyumba ina ya makonde ataliatali, ndipo amene anamulandira anali mkulu wina wa imvi, wa sweta ngakhale kunkatentha, amene anali ndi rula pa desiki yowerengera mizere.

"Mwabweretsa chikalata cha lumbiro, achimwene?"

"Ayi, bambo. Ndabweretsa izi." Anaika fulashi patebulo, kenako foni ya galasi long'aluka. "Umu muli mapazi a aliyense amene anayesapo kutuluka. Si makumi atatu okha, ndi onse. Iyi ndi nambala yachikhumi ndi chisanu ndi chinayi pa mndandanda wanu. Sanavomereze. Ndinamulembetsa ndine."

Mkuluyo anayang'ana zinthu ziwirizo osazigwira. "Loya wanu akudziwa kuti muli kuno?"

"Angoti sizitheka."

"Mukudziwa kuti zimene munene pano zikhoza kukutsatirani kukhoti? Kubwera nokha kumapeputsa, koma sikufafaniza."

"Ndikudziwa."

"Mwini nambalayu tingalankhule naye?"

"Analankhula kale, bambo. Zonse zili mmenemo."

Mkuluyo anakoka mpando, anaitana mlembi, ndipo anauza Kangaude kuti awaonetse makomowo limodzilimodzi, osathamanga. Zinatenga mpaka masana. Ali pakati pofotokoza za khomo lachisanu, foni ija inanjenjemera pa desiki. Onse atatu anaiyang'ana. Mkuluyo anaweramira, nawerenga mokweza ndi mawu a kuntchito: "Kodi lero mwalankhulapo ndi munthu amene mumamukonda?" Anauza mlembi kuti alembe nthawi imene uthengawo wafika.

Patapita masabata atatu, bungwelo linalamula kuti kudula konse kuime. Kampani yakutali inalemba kalata yonena kuti yadabwa kwambiri ndi khalidwe la otsatsa ake. Pamwamba pa matayala panatsekedwa, fani anatenga a Sizitheka m'malo mwa malipiro, ndipo a Bwana anamveka kuti atsegula zina kwina ndi dzina lina. Kangaude anapatsidwa tsiku lokaonekera kukhoti. Chipinda chake cha lendi anachisiya, nabwerera kwa amayi ake ndi masutikesi awiri ndi kompyuta imene panalibe womutuma nayo ntchito.

Foni ija anaibweza pa makina osokera. Tsiku loyamba lopanda uthenga, amayi anali akusankha mpunga pabalaza, iye akuwerenga mapepala a mlandu. Wotchi itafika pa thu koloko, onse awiri anasiya zimene ankachita osauzana. Anadikira. Panja panadutsa galimoto, kenako wogulitsa masache. Foniyo inangokhala duu pansalu ya maluwa.

"Atuluka," anatero amayi chapansipansi. Anatola kamwala mumpungamo n'kukaponya pazenera. Patapita kanthawi anawonjeza kuti, "Koma ndiye m'nyumba muno mwachita zii."

Kangaude anali akuyang'anabe foniyo. M'fulashi muja munali manambala zikwi zinayi ndi kena, ndipo usiku ndi usana ankadzifunsa kuti mwa iwo ndi angati amene anali kale pansi pa nthaka, akulangizidwabe kumwa madzi. Amayi anadzuka, anatsegula buku lakuda pa tsamba loyera, nalemba tsiku, mwezi ndi chaka. Anayang'ana mwana wawo ngati akumuyeza chifuwa ndi maso, cholembera chili m'mwamba, kenako anatseka bukulo osalembapo china.